Mtengo wa Machiritso

Loweruka lililonse magetsi akathima ku Nchalo
timatulutsira tebulo la Alufandika pakhonde,
anthu asanu, nyali ya sola, dayisi losema pa tsanya.
Phulusa la nzimbe zowotcha limagwera pamapu
amene ndinajambula kuseri kwa kalendala yakale.
Wosunga malamulo ndine. Ali m'kope lopanda chikuto.

M'dziko lathulo muli madambo oyankhula
ndi ng'ona yamitu iwiri yolondera doko.
Zuze ndi mlenje wa mkondo wamoto,
Meke ndi mbava yoyenda pansi pa madzi,
Esinta anasankha kukhala mchiritsi.

Lamulo loyamba ndinalilemba ndi mtima wofewa:
mchiritsi akakhudza, bala latseka, basi.
Milungu itatu isanathe masewera anasukuluka.
Zuze ankalowetsa mutu dala m'kamwa mwa ng'ona
podziwa kuti amuwotcherera ngati njinga ya kabaza.
Imfa inasanduka mlamu wonyogodolana naye.

Ndinakhwatcha.
Lachiwiri: nsupa imachiza katatu pa ulendo, ikatha yatha.
Masamu ake ndinawapanga kuntchito,
pazenera lija ndimagawirapo mapiritsi,
kuseri kwa katoni yopanda kanthu.
Papepala zinkaoneka bwino.
Usiku womwewo awiri anafera m'bango,
Meke anakankha mpando napita osatsanzika,
ndipo nditanena kuti nsupa yatha
Esinta anaika dayisi pansi pang'onopang'ono.

Anati, Tchale,
mawu amenewo unandiuzapo kale
Febuluwale uja madzi atadula msewu.
Ndinaima pazenera lako mwana ali kumbuyo
akutentha ngati mchenga wa Okutobala,
iwe unati mankhwala atha.
Sunalakwe, ndikudziwa.
Koma usabwere nawo mawuwo patebulo pano.
Ndimabwera kuno kuti manja anga asathe.

Udzudzu wokha ndiwo unapitiriza kuyankhula.
Kabokosi kaja ndinakanyamula nawo;
kanapepuka moti tinkachita manyazi kukagwira anthu anayi.

Ndikanatha kubwezera lamulo loyamba,
koma iye anapukusa mutu.
Zaulere sazifuna, anatero, akudziwa kuti ndi bodza,
ndipo bodza lotsekemera kwambiri limamutseketsa m'mimba.

Lachitatu tinalemba awiri,
iye akunena, ine ndikukonza manambala,
thukuta likudonthera pa inki:
Nsupa siitha.
Koma bala silisowa, limasamuka.
Mchiritsi afunse mokweza, ndani asenza nawo?
Wovomera atenga theka,
ayenda nalo mpaka dzuwa la m'masewera litatuluka kawiri.
Pakasowa wovomera, asenza mchiritsi yekha.

Loweruka linalo Meke anabwera ndi masawu m'jumbo
m'malo mwa kupepesa.
Zuze anathamangira ng'ona monga mwa chizolowezi,
inamung'amba ntchafu,
Esinta anafunsa funso lake,
khonde lonse linati zii.
Alufandika anakanda ndevu nati, bwera nayo kuno.
Anatsimphina ulendo wonse mpaka ku phiri lamchere,
akutukwana Zuze pa sitepe iliyonse,
ndipo kuyambira pamenepo mlenje uja
amayamba wayang'ana nkhope za anzake asanadumphe.

Sindikunena kuti sikelo yakhazikika.
Dayisi likagwa pa sikisi machiritso amatchipa kwambiri,
Meke akuti mbava sizifunsidwa mwachilungamo,
ndipo m'mphepete mwa tsamba mwadzaza zokhwatchakhwatcha.
Lolemba ndidzakhalanso pazenera
pomwe palibe dayisi, palibe wofunsa kuti ndani asenza nawo.

Koma pano ndi Loweruka.
Kutentha sikunatsike, Shire akununkha matope kutali,
wina wavulala m'dambo loyankhula.
Esinta wapukuta manja pachitenje, waponya,
dayisi ladumpha tebulo, lalowa mumdima,
ndipo tonse asanu tagwada pafumbi
kulifufuza ndi zala.