Khwisa wa ku Todmorden

Kuno mvula siitha, imangopumula.
M'mawa uliwonse ndimayamba ndi zala,
kuzinyengerera, kuzipepesa,
kuti zimange mabatani a yunifolomu.
Nyamakazi inabwera ngati mlendo wogona tsiku limodzi
chaka changa chachisanu ndi chiwiri m'dziko lino;
lero ili ndi kiyi wakewake.

Zala izi zanyamula anthu.
Zasambitsa nkhalamba za eni dziko,
zatembenuza matupi pakati pa usiku,
zatseka maso a anthu atatu
omwe ana awo anachedwa pamsewu.
Tsopano chivundikiro cha botolo chabe
chimandiseka pamaso.

Gwenda, wa khomo loyandikana nalo,
ali ndi kadimba kuseri kwa ngalande
komwe mabwato opapatiza amagona.
Loweruka lina ndinamupeza atapinda malaya,
akudzikwapula chala chachikulu ndi tsamba.
Ndinayang'anitsitsa: khwisa!
Yemwe uja tinkamuthawa ku Ntcheu popita kotunga,
wanditsatira mpaka kuno, wanenepa ndi mvula.

Ndinati, mayi inu, mutu uli bwino?
Anaseka, mano awiri otsalawo poyera,
nati amayi ake ankatero, agogo akenso,
ululu ukakumana ndi unzake pakhomo
wina amapatuka.

Sindinakhulupirire.
Koma fisi akagwa m'mbuna sasankha chingwe.

Kuchipatala dokotala Oyelaran sanandiseke.
Anatembenuza kompyuta kuti ndione nawo,
nati alipo amene anafufuza, koma ndi ochepa;
mwina m'masambamo muli kanthu
kotontholetsa timithenga ta m'magazi
tomwe timaitana kutupa.
Mwina, anabwerezanso, mwina.
Mapiritsi anu musataye,
ndipo a kuthamanga kwa magazi aja
tiziwayang'anira limodzi.
Mawu oti mwina ndinawapinda bwinobwino
n'kuwaika m'thumba pamodzi ndi tikiti ya basi.

Kabotolo ka madzi a khwisa, mapaundi asanu ndi anayi.
Ndinawasintha m'makwacha ndili pamzere,
mtima unati bwerera,
mawondo anati lipira.

Madontho khumi ndi asanu m'kapu.
Fungo la dambo, kukoma kwa udzu wonyowa.
Ulemu, mwana wanga, pafoni kuchokera ku Leeds:
Amayi, mwawoloka nyanja zonsezi
kuti mukamwe thengo?
Ndinati thengo lake n'lokhala ndi lisiti, mwanangu.

Ndimalemba m'kope la kuntchito, kumapeto kwake.
Lolemba: kuwawa.
Lachitatu: kuwawa, koma ndasenda mbatata.
Sabata yachinayi: palibe chosintha, ndatukwana Gwenda mumtima.
Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lamulungu,
mphete ya malemu bambo a Ulemu,
yomwe inakanirira zaka ziwiri pachala chotupa,
inatembenuka.
Pang'ono pokha.
Ndinakhala pamphepete pa bedi n'kuitembenuzanso,
ngati ndikutsegula wailesi yakale
kufuna mawu a munthu amene ndimamudziwa.

Kaya ndi khwisa,
kaya ndi dzuwa la Juni lomwe lakumbuka chigwa chino,
kaya mapiritsi aja angoganiza zogwira ntchito,
sindingalumbire pamaso pa aliyense.
Mawa mwina ndidzadzuka zala zili nganganga.

Koma dzulo ndinapita kungalande ndi Gwenda,
iye ndi magolovesi, ine ndi lumo.
Tinadula nsonga zanthete zodzaza jumbo.
Tsamba limodzi linandipeza pamkono, pamwamba pa wotchi,
moto waung'ono, timatuza toyera.
Sindinakande.
Ndinaima pomwepo, mvula ikuyambiranso,
ndikumva kuyabwa kwa kwathu
pakhungu lomwe ndinkayesa laiwala.