Inki Yofiira

Buku la Sisita Marufu ndimaliwerenga chozondoka,
ndili tsidya lino la tebulo, thonje pa chala.
Ali ndi zolembera ziwiri:
chabuluu cha amene shuga wawamvera,
chofiira cha enafe.
Lero ndawerenga mayina khumi ndi anayi.
Abuluu anayi basi.

"Bambo Kalonjere, mwadya chiyani?"
Ndadya zimene dola imodzi imagula ku Mbare Musika
m'bandakucha, ngolo isanadzaze tomato:
mabanzi awiri ndi tiyi wothiriratu shuga.
Ngolo siyenda ndi masamba a repu, mayi.

Magetsi anapita Lachiwiri, sanatsanzike.
Insulini ndamuveka sokosi yonyowa,
wagona kunsi kwa bedi.
Timapepala toyezera magazi tatsala titatu,
ndikutisunga ngati machesi m'dzinja.

Pabenchi pali mpata pomwe ankakhala Lifeyo,
uja ankabisa masiwiti m'chipewa.
Chinayamba chala chakuphazi,
kenako bondo.
Dzina lake analidula bwinobwino, ndi rula.

Bambo anga anatsika sitima mumzinda uno
atachoka ku Ntcheu ndi bulangete limodzi,
kudzafuna moyo wa tiyi wotsekemera.
Anausaka zaka makumi anayi m'mafakitale.
Ine ndaupeza osayenda mtunda,
uli m'magazi momwemu.

Kamakina kalira.
Sisita ayang'ana nambala, ayang'ana ine,
dzanja lipita lokha kumene lizolowera.

"Mwezi wamawa mubwere musanadye kanthu."
Ndiseka mpaka kutsokomola.
Zimenezo ndiye ndimazitha.