Magalimoto Opanda Batire

Ku Jeppe, kuseri kwa galaja,
ndimatola mapaleti otayidwa, osathira mankhwala,
n'kuzula misomali umodziumodzi
ngati minga kuphazi.

Mwana wanga Ndaziona salankhula.
Adokotala ku Bara anati ndi otizimu.
Ndinabwerera pa tekisi nditamunyamula,
tonse awiri tili duu.

Chidole cha ku China Mall chija
chinkalira, chikuthwanima ngati ambulansi.
Iye anagwira makutu, nadziguguda kukhoma.
M'mawa mwake ndinapeza kabatire m'kamwa mwake.
Nkhongono zinandizizira.

Tsono ndimapala.
Ndimapala mpaka thabwa lisalale ngati tsaya.
Penti ayi, guluu ayi,
koma phula la njuchi,
poti mwanayu dziko amalidziwa ndi lilime.
Teyala lililonse ndimayamba ndaliyesa pakamwa panga:
likalowa, ndasema lina.

Madzulo magetsi akathima,
matekisi akusokosabe mu Jules,
amandanda magalimoto ake asanu ndi awiri pawindo,
onse mphuno kuloza ku Ponte.
Sawayendetsa.
Amangozunguza teyala limodzi ndi chala,
diso lili pomwepo, mpaka kandulo kutha.

Aneba amati sadziwa kusewera.
Amati ndipite naye kwa mneneri ku Yeoville.
Ndinatopa n'kuyankha.

Dzulo ndinagona chafufumimba pasimenti,
utuchi udakali m'tsitsi,
n'kuyamba kuzunguza teyala langa.
Sanandicheukire.
Anangosendeza galimoto imodzi,
pang'ono pokha,
kuti yanga ipeze malo pamzere.