Shelefu Yachitatu

Kuno ku Izmir sitolo ikatsekedwa usiku
ine ndiye kwandichera.
Bwana Tuncay amandisiyira pepala pa kauntala:
mafuta a azitona odula akhale pomwe diso limagwera,
otchipa atsikire ku akakolo.
Mkaka kumapeto kwenikweni,
kuti woufuna ayambe wapereka moni kwa mabisiketi,
sopo, makandulo, ndi zina zomwe sanatumidwe.

Katundu salankhula, koma ndimamuphunzitsa kukodola.
Zitini ndimazitembenuza nkhope.
Malalanje ndimawaunjika ngati achita kusefukira.
Maswiti amakhala pa msinkhu wa mwana wa zaka zinayi,
pafupi ndi polipirira,
pomwe mayi amafika atatopa kale kukana.

Lachiwiri bambo anga anabwera kudzagula mchere.
Anatuluka ndi majumbo awiri, mano onse pamtunda,
amvekere, "Nergis, lero ndachita mphumi."
Mcherewo anauiwala.
Ndinangoti chete. Msampha unali wanga.

Koma pali mayi Sevgül, a ndodo aja,
amene msana unawakanira kuwerama.
Tiyi wawo ndi wa paketi yofiira, wotchipa,
ndipo pepala limati akhale pansi.
Usiku uliwonse ndimaba malo a mapaketi atatu
pa shelefu yachitatu, pakati pa odulawo.
M'mawa, ndikudikira basi panja,
ndimaona dzanja lawo likumupeza osafunafuna.

Pakutha pa mwezi bwana amakanda m'mutu:
tiyi ameneyu akuyenda bwanji chonchi?
Ine ndimangopukuta galasi.