Mbewu ya M'bokosi la Machesi

Kompyuta ya pasukulu yathu ku Ulongwe
ndi yaikulu msinkhu kuposa ana amene imasunga mayina awo.
Inayamba kukana pulinta mayeso atayandikira,
ngati dala.
Adirekita anati tigule ina.
Ndinangoyang'ana denga lodontha, iwonso anayang'ana.

Ndinati mtima wake ndiumanganso ndekha.
Koma chimene anatisiyira ndi ufa,
ndipo ufa sudzalidwa.
Ndimafuna mbewu, malemba enieni a pansi,
amene anthu osadziwana analemba usiku kwawoko
n'kusiya chitseko chosakhoma.

Ndinayesa kukopera pafoni.
Mametikali mazana awiri anasungunuka,
kamzere kali pakati penipeni,
netiweki inazemba ngati wangongole.

Ndiye ndinaimbira Gervásio Kamtedza ku Moatize,
kalaliki wa kukampani ya malasha.
Mlamu, usanditengere chophikaphika,
tenga gwero lonse,
ndipo uwerenge chidindo chake kawiri,
chilembo chimodzi chikasiyana, taya, uyambenso.

Fulashi inabwera Lachinayi pa chapa,
m'bokosi la machesi, m'thumba la dalaivala,
itadutsa Mussacama pakati pa matumba a simenti,
ikununkha nsomba za chikowa.
Kanthu kochepa ngati chala cha mwana,
mizere mamiliyoni ili phee m'kati.

Usiku inayamba kundifunsa.
Uli ndi ichi? Ayi.
Nanga icho? Sindinachionepo.
Ichi? Eya, chilipo, chingakhale chimatsokomola.
Ndinapatula ngati mmene mayi amasankhira mbatatesi zambewu,
zowola uko, zamaso kuno,
kenaka ndinailamula kuti imange.

Malemba anatsika pagalasi ngati mvula ya Disembala,
kafani kakulira, chitsulo chatentha.
Cha m'ma leveni, thi!
Magetsi a Kahora Basa amadziwa njira ya ku Joni
kuposa ya kuno.
Ndinakhala mumdima ndi mlonda, bambo Saizi,
akundifunsa ngati makinawo amamva kuwawa.

Atabwerera ndinayambiranso.
Inaima pa mzere wina, yadandaula:
chakuti sindikuchipeza.
Cholakwa chinali changa,
ndinati ayi pomwe panafunika eya.
Palibe amene ndikanamunamizira.
Ndinaseka ndekha, ndinakonza.

Tambala wachitatu, ndinaizimitsa n'kuiyatsa,
manja ali m'khwapa.
Mdima. Mdima ndithu.
Kenaka kadontho, kakuphethira,
kenaka dzina limene ndinaipatsa ndekha.

Pulinta inakhosomola, inameza pepala,
n'kulavula loyamba lili lofunda:
Adelina Chapotera, kalasi ya chisanu ndi chiwiri, wakhoza.
Bambo Saizi analigwira ndi manja awiri.
Ndi mdzukulu wawo, sindinkadziwa.

Bokosi la machesi lija lili pamwamba pa kabati.
Mphunzitsi wa ku Domwe watumiza kale uthenga,
akuti yawonso yayamba mwano.
Ndamuuza abwere Loweruka,
atenge bulangete, ndi kandulo.