Bambo Anga Ankapha Anthu Lachinayi

Bambo anga ankapha anthu Lachinayi.
Lolemba ankangowapatsa mayina, zipewa ndi akavalo,
Lachiwiri n'kuwadanitsa,
koma Lachinayi, buku likatsala masamba makumi awiri,
makina awo otaipira ankalira ngati matalala pa malata
mpaka mayi Engracia a chipinda cham'munsi
ankagogoda denga ndi mpini wa tsache.

Mumsewu mwathu, ku Sants, mu Barcelona,
anali Eusebi, wa chifuwa chosatha uja.
Pachikuto anali Burt Kellaway,
pakuti ndani akanatulutsa mapeseta asanu
kugula nkhani ya ku Texas yolemba Eusebi?

Ku Texas sanapondeko.
Kavalo amene ankamudziwa ndi wa ngolo ya makala.
Anali ndi mapu amodzi, odyedwa ndi njenjete chakumadzulo,
ndipo pamene panaboka ankaikapo mzinda wawowawo,
wa msewu umodzi, bala imodzi,
ndi mtengo wopachikapo anthu.

Buku limodzi pa sabata.
Amayi akati, Eusebi, lendi,
iwo ankangoti, dikira, galeta la golide likubwera pa tsamba lino.
Bwana wa pensulo yofiira ku ofesi ya boma
ankatalikitsa masiketi a atsikana a m'bala
ndi kufufuta mawu akuti ufulu akachuluka.
Mitembo yokha sankaiwerenga.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinazindikira.
Chigawenga chinkasintha dzina sabata ndi sabata,
lero woweruza, mawa mwini ng'ombe,
koma nthawi zonse chinkaimba mluzu chisanamenye munthu
ndipo chala chaching'ono chakumanzere chinalibe.
Ndinafunsa. Bambo anavula magalasi,
anawapukuta nthawi yaitali pa malaya,
n'kuti, kundende, nkhondo itatha, kunali sajeni wina.
Kenaka anati, ndipatse pepala lina, Remei.

Anamupha kokwana mazana anayi.
Ndi mfuti, ndi chingwe, pansi pa sitima,
kamodzi ndi njoka m'nsapato.
Sajeni weniweniyo, ndinamva,
anafera pa bedi lake, zidzukulu zitamuzinga.

Lamulungu lapitali ku msika wa Sant Antoni
ndinapeza limodzi m'bokosi la mabuku otchipa,
pepala lachikasu, lonunkha fodya ndi chinyezi.
Kuseri kwa chikuto kunali zizindikiro za omwe analiwerenga
kuti asadzalibwerekenso kawiri:
mtanda, zilembo ziwiri, kanyenyezi, chidindo cha chala cha girisi.
Ndinawerenga anthu khumi ndi asanu ndi anayi,
asilikali olondera usiku mwina, amisiri a m'thiramu ya mbandakucha.
Wogulitsa anati, ameneyu anali Mmereka weniweni, mayi,
anakhalako kumeneko, zimaoneka.
Ndinalipira osanenerera.
M'basi ndinatsegula chakumapeto,
mluzu uja unali utayamba kale.