Usakhudze Seva Lachisanu

Sungeni, vula jasilo uliyanike pa hita,
mvula ya ku Hull sidziwa kupepesa.
Khala apa. Madzi m'ketulomo akadali otentha.
Mawa ndikukachotsa dzino ku Leeds,
mawebusaiti asanu ndi awiriwa ndi ako mpaka Lolemba.

Yambira pa dzina lako lomwelo: sunga.
Sunga usanasinthe, sunga utasintha,
pa laputopu, pa diski yakuda ili m'dirowamo,
ndi kumitambo kumene amati mafayilo amagona.
Chosungidwa pamalo amodzi n'chobwereka.
Ine anandiphunzitsa ndi usiku wina wa Febuluwale:
diski inalira kuti tche, tche, tche,
kenaka zii.
Mnyamata wa pa Holderness Road anaiika kukhutu,
nati mapaundi mazana anayi, koma sindikulonjeza.
Munali zithunzi za ukwati wa mayi ako.

Lachisanu madzulo manja ako akamayabwa,
kawatsukitse mbale.
Seva usaikhudze.
Ndinasuntha kampatuliro kamodzi kokha
pa tsamba la makeke la Mayi Pickersgill,
ndinati kanthu kakang'ono, ndikagone.
Kutacha tsamba lonse lili mbee
ngati denga la galimoto m'chisanu,
foni ikunjenjemera patebulo,
Loweruka la maukwati, oda osalowa.
Mpaka lero amandipatsa moni ndi chibwano.

Azungu amati khodi. Ine ndimati kodi,
chifukwa mzere uliwonse ndi funso:
kodi ukaduka intaneti?
kodi munthu akadina kawiri?
kodi ndikadzabwera chaka chamawa
ndidzakumbuka chimene ndinkafuna pano?
Dzilembere kakalata pambali pa mzerewo.
Iwe wa chaka chamawa ndi mlendo.

Bambo Oyelaran ometa tsitsi aja
adzakutumizira zithunzi zolemera ngati thumba la simenti.
Uzipepuze usanazikweze.
Ukatero tenga kafoni kanga kosweka galasi,
kwera basi, khala mpando wakumbuyo,
tsegula tsambalo netiweki ikupuma wefuwefu.
Ganizira mayi ako ku Ntcheu,
bandulo yatsala pang'ono, akudikira kabwalo kozungulira.
Likawatsegukira iwo, latsegukira dziko lonse.
(Pasiwedi yawo bambowo anaimata pa kalilole.
Uichotse mwaulemu.)

Yako isakhale chaka chobadwa, kapena dzina la mphaka.
Luka chiganizo chamisala chachitali,
mbuzi zitatu zakwera basi ya ku Beverley,
koma osati chimenecho, ndachitchula kale.

Pansi pa chithunzi chilichonse lemba chimene chilipo.
Kuli nkhalamba ku Hessle, a Garton, maso anatha,
kompyuta ndiyo imawawerengera.
Ukalemba kuti chithunzi chachisanu, wawanamiza.
Lemba kuti keke yamandimu, yodulidwa mbali imodzi.

Dzina la webusaiti si lathu, ndi lendi.
Ukaiwala tsiku, wina alowamo ndi katundu wake.
La tchalitchi likutha pa naini, ndazunguliza pa kalendala.

Imelo ikamakuthamangitsa, dina apa, msanga, lero lomwe,
iwe khala pansi.
Wakuba yekha ndiye amafulumiza mwini nyumba.
Ndipo makina akakula mtima,
usawamenye, usatukwane pulinta, oyandikana nawo amamva.
Zimitsa, werenga mpaka khumi, yatsa.
Theka la ndalama zanga za lendi
lachokera pa nzeru imeneyo.

Basi. Makiyi ali m'kabuku kobiriwirako.
Ukasowa chochita, usachite kanthu, undiimbire,
ndidzayankha ndi tsaya lotupa.

Koma mayi ako akafunsa za zithunzi zija,
usafulumire kuyankha.
Amati ndikadali nazo.
Diresi linali la manja aatali,
kumanzere kunaima mwana atagwira ambulera,
ndipo iwo ankaseka, ataphimba kukamwa.
Ndinalemba zimenezo m'fayilo, mawu okhaokha.
Ili pamalo atatu.